Kuitana agwape nyengo yosaka itangoyamba: kodi kumathandiza kapena kumawathawitsa?

Funso la lero lachokera kwa m'bale wathu wina amene amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Ndalifupikitsa pang'ono:

"Zikomo akulu. Chaka chino anzanga a kuntchito andikokera ku ulenje wa agwape. Maphunziro a alenje ndachita, laisensi ndatenga, uta ndagula, ndipo mlimi wina wandilola kumasaka m'nkhalango ya kuseri kwa munda wake. Nditaonera mavidiyo pa YouTube ndinagulanso zoitanira: grunt tube (kapaipi kopemerera kodzuma ngati gwape), kachitini kolira ngati gwape wamkazi, ndi nyanga zogundanitsa. Chitsegulireni nyengo ya uta pa 1 Okutobala ndakhala ndikuliza zonsezi ndili pansanja mumtengo, koma palibe chobwera. Tsiku lina gwape wamkazi anaima chapatali, n'kuponda pansi ndi mwendo, kufwenthera mwamphamvu, basi onse balala. Kodi zinthuzi n'zabodza? Kapena ndikulakwitsa ndine? Nanga malo aja ndawaononga?"

Achimwene, mtima pansi. Zoitanira zanuzo si zabodza, ndalama simunataye, ndipo nkhalangoyo sinaonongeke mpaka kalekale. Zimene zakuchitikiranizi zimachitikira pafupifupi aliyense amene wayamba ulenjewu ataonera mavidiyo. Ambiri mwa mavidiyowo amajambulidwa mu Novembala, nthawi imene mphongo zapenga ndi kufuna zazikazi, ndipo maola onse amene mlenje anangokhala duu osaona kanthu amawadula. Inu mwatenga mawu a mu Novembala n'kukawayankhula sabata yoyamba ya Okutobala. Gwape akamva zimenezo amadziwa kuti pali chachilendo.

Tiyambe ndi zimene nyamazi zikuchita panopa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Agwape a mchira woyera a kumeneko, amene eni dziko amawatcha whitetail, moyo wawo umayendera kutalika kwa usana. Usana ukayamba kufupika, thupi la mphongo limasintha pang'onopang'ono. Kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala nyanga zimauma, khungu laubweya lija limene limazikuta limasupuka, ndipo mphongo imayamba kuzikwecha pa timitengo. Chilimwe chonse mphongo zimayenda m'timagulu tazokhazokha, kudyera limodzi mwamtendere. Timaguluti timayamba kupasuka cha nthawi yomwe ino, koma ukali weniweni sunafike. Kukwerana kumafika pachimake cha kumayambiriro mpaka pakati pa Novembala ku Indiana, Michigan ndi zigawo zoyandikana nazo. Bere limatenga masiku pafupifupi 200, n'chifukwa chake ana amabadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Choncho kumayambiriro kwa Okutobala wamkazi akadali ndi ana ake a chaka chino m'mbali, ndipo safuna n'komwe kuona mphongo. Mphongo nayo maganizo ake ali pa mimba: kudya, kunenepa, kugona pafupi ndi chakudya.

Ndiye tangoganizani. M'nkhalango ya zii chonchi, mwadzidzidzi pamveka nyanga kuphwanyana ngati mphongo ziwiri zikuluzikulu zikuphana, kenako wamkazi kulira kuti akufuna mphongo, kenako mphongo kudzuma mosalekeza, zonsezi kuchokera pamtengo umodzi. Mphongo yaing'ono imaopa kukamenyedwa. Yaikulu, imene yapulumuka kwa alenje zaka zingapo, imangotembenuka mwakachetechete osadzionetsa n'komwe. Wamkazi amatenga ana ake n'kuchoka, chifukwa safuna kuvutitsidwa.

Koma agwape amayankhulana chaka chonse, ndipo mawu a nthawi ino alipo. Chida chimene ndimachidalira ine mu Okutobala ndi grunt tube yomweyo, pokhapokha muidziwe kailizidwe. Gwape akamayenda n'kufuna kudziwitsa mnzake kuti ali pafupi, amadzuma kamodzi, mwachidule, chapansipansi: "brrp." Si mawu a ndewu kapena a chikondi, ndi ongonena kuti ndili pano. Aamuna ndi aakazi omwe amatero. Kuti muwatulutse, musapemerere ndi masaya ngati mukukoleza moto. Mpweya uchokere m'chifuwa, pang'ono chabe, osafika ngakhale sekondi imodzi. Kukamwa kwa paipi yake mufumbateko ndi dzanja kuti mawu asatuluke owuma, ndipo muilozetse pansi kapena kumbuyo kwanu. Ma grunt tube ambiri ali ndi kamphira kozungulira kamene kamapana kalilime ka m'kati. Mukakasuntha, mawu amasintha kuchoka pa mphongo yaikulu kufika pa yaing'ono, wamkazi, ngakhale mwana. Mwezi uno kaikeni pa mphongo yaing'ono kapena pa wamkazi. Mawu amenewo saopseza aliyense, ndipo mphongo yaikulu nthawi zina imabwera kudzangoona kuti ndani walowa m'dera lake.

Kachitini kaja, monga kamene amapanga a Primos, mumatseka kabowo kake ndi chala n'kukatembenuza, ndiye kamalira "meee" ngati kamwana ka mbuzi kosiyidwa m'khola. Alenje ambiri amakagwiritsa ntchito ngati kulira kwa wamkazi wofuna mphongo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya mu Novembala. Panopa, ngati mukufuna kukayesa, katembenuzeni mwachangu kuti kalire mwachidule, kamodzi kokha. Kulira kwakufupi kotero n'kumene mayi ndi mwana amaitanirana akasiyana m'tchire, ndipo ngati cholinga chanu ndi nyama ya m'firiji osati nyanga za pakhoma, mawu amenewa amatha kukokera wamkazi pafupi.

Palinso kulira kwa mwana wogwidwa ndi chilombo, kokuwa motalika momvetsa chisoni. Kumagwira ntchito, sindikana: kumayambiriro kwa nyengo wamkazi amatha kubwera chothamanga, makutu ali njo. Koma ine sindikukonda. Amabwera ali tcheru, thupi lonse lili gwa, ndipo nyama yotere ndi yovuta kuilasa bwino ndi uta. Kumaitananso ankhandwe a kumeneko aja otchedwa coyote, ndipo kumasokoneza nkhalango yonse kwa tsiku limenelo. Pa malo amodzi okha amene mlimi wakupatsani, si nzeru kuchita phokoso lotere.

Nyanga musazitaye, koma muzigwire mwaulemu. Mphongo za mu Okutobala sizimenyana, zimangoyesana mphamvu: zimagunditsa nsonga za nyanga, kukankhana pang'ono, kusiya, kudya, kuyambiranso. Mukafuna kutsanzira zimenezo, khudzitsani nsonga zokha, "ke, ke-ke, ke," kwa kamphindi kosakwana miniti, kenako muzipachike ndi kugwira uta. Ndipo kumbukirani kuti pogundanitsa nyanga manja onse awiri amayenda, pamene maso a gwape sachedwa kuona chogwedezeka. Mawu ena aja a ukali, ofwenthera kawiri n'kutsiriza ndi "fiiii" wautali, amene mphongo imatulutsa ikamaputa ndewu, asiyeni kaye mpaka kumapeto kwa mwezi.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwiritse ndi manja awiri: nthawi ino, itanani gwape amene mukumuona. Choitanira ntchito yake ndi kukhotetsa nyama imene ikudutsa patali pang'ono ndi pamene muvi wanu ungafike. Sichingakutulutsireni gwape kumene kulibe.

Zimayenda chonchi. Mwaona mphongo ikudutsa pa mayadi 70 kapena 80, ndipo njira yake sikubwera kwa inu. Dikirani mutu wake ukhale kumbali kapena kuseri kwa mtengo, ndiye dzumani kamodzi. Ngati sinamve chifukwa cha mphepo kapena masamba amene ikuponda, onjezerani mphamvu pang'ono. Ikamva mudzadziwa: imaima chilili, mutu m'mwamba, makutu onse awiri kutembenukira kwa inu. Apa musapume n'komwe mwamphamvu. Muione bwino. Ikanyambita mphuno, n'kugwedeza mchira kamodzi uku ndi uku, n'kuponya phazi kulunjika kwanu, choitanira chija chilowe m'thumba. Ntchito yake yatha. Ambiri amaononga pomwepa, amafuna kuilimbikitsa ndi kudzuma kwina pamene ikubwera kale, ndipo makutu a gwape amaloza malo molondola kwambiri moti idzayang'ana m'mwamba mumtengo mwanu momwemo. Ikayang'ana kanthawi n'kupitiriza ulendo wake, yesani kamodzinso itatembenuka. Ikakana kawiri, ilekeni ipite. Mphongo imene yachoka mosadzidzimuka mudzaionanso mawa kapena mkuja, ndipo si zachilendo kuti yomweyo ibwerere mwakachetechete pakapita theka la ola, itazungulira. Choncho mukaitana, khalani maso mbali zonse kwa nthawi yaitali.

Chinthu china chimene chimadabwitsa alenje atsopano n'chakuti gwape amabwera n'kudzaima pa mayadi 50 kapena 60, osasunthanso. Chifukwa chake n'chosavuta. Wamva mnzake, wafika poti akuona bwinobwino pansi pa mtengo wanu, ndipo palibe gwape. Nkhalango ikakhala yoyera pansi, bodza lanu limaonekera patali. Nsanja yabwino kuitanirapo ndi imene ili ndi zitsamba zowirira, udzu wautali kapena kachigwa pafupi, kuti nyama ikakamizike kusendera kudzafufuza.

Za kuitana osaona kanthu, alenje amasiyana maganizo. Ine m'masabata awiri oyamba a Okutobala ndimakhala chete. Masamba amakhala akadali m'mitengo, simuona patali, ndipo mukhoza kuliza chida gwape ali pa mayadi 30 kumbuyo kwanu inu osadziwa. Ngati mtima ukukana kukhala chete, dzumani mofewa kawiri, mutayang'ana kaye mbali zonse, ndipo musabwereze pasanathe theka la ola kapena kuposerapo.

Tibwere kwa mayi uja anakupondererani mwendo. Kuponda pansi kumatanthauza kuti waona kapena wamva chinthu chimene sakuchimvetsa, ndipo akufuna chigwedezeke kuti achizindikire. Kufwenthera kuja, "fyuu! fyuu!", ndi kuchenjeza anzake, ndipo kawirikawiri kumabwera mphuno ikatsimikiza kuti pali munthu. Ndikukayika ngati chinamuthawitsa ndi mawu okha. Chimene chimachitika n'chakuti gwape akamva kuitana, sabwera molunjika. Amazungulira kuti akafike kumene mphepo yochokera kwa inu ikupita, anunkhize kaye asanaonekere. Ndiye kuitana kulikonse kumene mwachita kumatumiza nyama kumalo enieni amene fungo lanu likuthera. Gwape atha kukayikira maso ake, atha kukayikira makutu ake, koma zimene yamuuza mphuno sazikayikira.

N'chifukwa chake musanaganize za choitanira, ganizani za mphepo. Nyamulani kabotolo ka ufa woyesera mphepo, kapena bwino koposa, thonje la m'zikhokhombe za chomera cha milkweed chimene chimauma m'mphepete mwa minda nthawi ino. Mukaulutsa kaubweya kamodzi mumakaona kakuyandama mtunda wautali, kukhota, kutsika, ndipo mumadziwa kumene fungo lanu likupitadi. Kumalo a zitunda kumbukiraninso kuti m'mawa dzuwa likatentha mpweya umakwera phiri, madzulo kukazizira umatsikira kuchigwa. Nsanja muiike poti kumene mphepo ikupita kukhale chinthu chimene gwape sakonda kudutsamo: dziwe, gomo la mtsinje, msewu, kapena bwalo loyera. Sopo ndi mankhwala opopera ochotsa fungo amathandiza pang'ono, koma salowa m'malo mwa mphepo yabwino. Tsiku limene mphepo yalakwika pa nsanja yanu, musakwerepo.

Kodi malo mwawaononga? Mwawatopetsa, koma achira. Apumitseni sabata yathunthu kapena kupitirira, ndipo ngati mungathe, sunthani nsanja, chifukwa wamkazi wamkulu akakugwirani pamtengo amayang'ana m'mwamba momwemo nthawi iliyonse akamadutsa. Pa nthawi yopumayi fufuzani chakudya. Agwape amakonda masamba a soya akadali obiriwira, koma akayamba chikasu amawasiya. Nthawi yomweyo mitengo ya oak imayamba kugwetsa nthanga zake, ndipo za white oak ndi zimene amathamangira chifukwa siziwawa ngati za red oak. Kuzindikira kwake n'kosavuta: masamba a white oak nsonga zake n'zobulungira, a red oak n'zosongoka. Yendani masana, nsapato za mphira kumapazi, mpaka mupeze mtengo umene pansi pake masamba afukulidwafukulidwa, pali tizipewa ta nthanga tambirimbiri ndi ndowe zaziwisi zonyezimira. Anthu ambiri amadandaula kuti pakati pa Okutobala agwape amasowa. Nthawi zambiri sanapite kutali, angochoka m'munda n'kulowa m'nkhalango kutsata nthangazi. Mukaupeza mtengo woterowo, ndi mkwaso wochokera kumene amagona, mwina choitanira simuchifuna n'komwe.

Ndikulangizaninso kuti mwezi uno muzisaka madzulo. M'mawa kukadali mdima agwape amakhala m'munda kapena ali m'njira kubwerera kokagona, ndipo inu polowa mumawadzidzimutsa osadziwa. Madzulo mumalowa iwo ali chigonere, n'kuwadikira akamadzuka kupita kokadya. Tsiku limene kwazizira mwadzidzidzi pambuyo pa masiku otentha, siyani zina zonse mupite, chifukwa amadzuka msanga kukadali kowala.

Pali kuitana kumodzi kosafuna chida chilichonse. Gwape akuyenda, wafika pampata pa mayadi 20, uta mwakoka kale: nenani "me" ndi pakamwa, mofewa, ndipo adzaima. Musalase nyama ikuyenda. Koma dziwani kuti gwape woimitsidwa chonchi amakhala tcheru, ndipo akamva kulira kwa nsinga ya uta amagwada kuti adumphe, muvi n'kudutsa pamsana kapena kulasa m'mwamba mosapha. Lozani chakumunsi kwa chifuwa, kuseri kwa mwendo wakutsogolo, ndipo pa chaka chanu choyamba musapitirire mayadi 20 kapena 25. Ngati waima yekha, musamuyankhule.

Kuyambira cha pa 25 Okutobala zinthu zimasintha. Mudzayamba kuona malo opalasidwa pansi pa nthambi zolendewera, dothi lili poyera, ndi timitengo tosupulidwa makungwa tikuchuluka. Apo kwezani mawu pang'onopang'ono, dzumani motsatizana, gundanitsani nyanga mwamphamvu. Sabata yoyamba ndi yachiwiri ya Novembala kachitini kaja katulukenso. Zimene munaona m'mavidiyo zija nthawi yake ndi imeneyo.

Pa za malamulo ndisakubisireni kanthu, chifukwa kwa ife obwera mlandu wa zinyama ukhoza kukhudza zambiri kuposa chindapusa. Ku Indiana zoitanira agwape zamagetsi n'zoletsedwa, ndipo kuliza mawu a gwape pa foni kulinso m'gulu lomwelo. Nyambo, kaya chimanga chothira pansi kaya mchere, n'zoletsedwanso. Kusaka kumaloledwa kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa, ndipo mukapha muyenera kulembetsa nyamayo pasanathe maola 48. Malamulowa amasintha, ndiponso a ku Michigan, ngakhale ndi pafupi chonchi, ndi ena. Werengani kabuku ka chaka chino ka Indiana DNR, nthambi ya boma yoona za chilengedwe ndi nyama zakutchire, ndipo pamene simukumvetsa imbirani ofisala wawo woona za chilengedwe m'dera lanu musanachite. Amayankha bwino munthu wofunsa.

Ngozi yaikulu pa ulenjewu ndi kugwa mumtengo, kuposa mfuti kapena muvi. Valani lamba wa thupi lonse, ndipo mukhale omangirira kuyambira phazi likachoka pansi mpaka litabwerera. Poitana m'pamene anthu amatembenukatembenuka pansanja, maso ali kutali, kuiwala pamene aponda. Uta muzikweza ndi chingwe mutakhala kale. Kunyumba adziwe mtengo umene muli ndi nthawi imene mubwerere. Mukadzasaka m'nkhalango za boma, kumbukirani kuti mawu a nyanga amakokanso alenje ena, choncho musagundanitse nyanga muli pansi m'zitsamba, ndipo nyengo ya mfuti ikatsegulidwa pakati pa Novembala chovala cha mtundu wa olenji n'chokakamiza ngakhale inu muli ndi uta.

Mukalasa, musatsike msanga. Dikirani theka la ola, ndipo ngati muvi walowa m'mimba, womwe umatuluka ndi zobiriwira ndi fungo, dikirani maola ambiri, apo ayi mudzaithamangitsira kutali. Magazi akakusowani, musapondeponde malowo. Itanani mnzanu wodziwa kulondola, kapena anthu a agalu olondola nyama yovulala, amene ku Indiana amaloledwa galu ali pachingwe. Nyama ikalowa m'munda wa wina, pemphani kaye musanadumphe mpanda. Okutobala amatentha masiku ena, ndipo nyama imayamba kuonongeka ikakhala pa kutentha kopitirira madigiri 40 a Fahrenheit, omwe ndi 4 a Celsius. Tumbulani msanga, ikani matumba a ayezi m'chifuwa, thamangirani kwa opha nyama kapena kufiriji.

Matenda a ubongo otchedwa CWD anapezeka koyamba mwa gwape wa ku Indiana mu 2024, m'boma la LaGrange, lomwe silili kutali ndi kwanuko. Gwape wowonda kwambiri, wotuluka dovu, wosaopa anthu, musamudye, dziwitsani a DNR, ndipo iwo amayeza mitu ya agwape amene alenje apha. Potumbula valani magolovesi. Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa, makamaka m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Mukaona chidzolo chikukula mozungulira pamene yakulumani, kapena mwayamba kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, pitani kwa dokotala ndipo mumuuze kuti munali m'tchire. Pakhungu lakuda chidzolo cha matenda a Lyme, amene nkhupakupazi zimafalitsa, sichioneka chofiira ngati pa zithunzi, chimatha kungooneka ngati banga lodera, choncho musadikire kuti chifanane ndi za m'mabuku.

Sabata imene nkhalango ikupumayi, pemphani mmodzi mwa anzanu a kuntchito aja, amene wasaka zaka zambiri, mupite naye kubwalo lakutali ndi kumene mumasaka. Iye akaime pa mayadi 80, inu mulize grunt tube monga mwakhala mukulizira, kenako muzichepetsa mpaka atakweza dzanja kuti sakumvanso bwino. Pamene munthu akuvutika kumva, gwape akumva bwinobwino. Kenako musinthane, iye alize inu mumvere, kuti khutu lanu lidziwe kufupika kwa mawu amene mukufunika kutulutsa.